Kutseka intaneti pa kompyuta imodzi popanda kusokoneza ena m'nyumba

Kompyuta imodzi ikhoza kumaliza bandulo ya mwezi m'masiku ochepa. Mwina Windows ikudzikokera ma update usiku, mwina mwana wakhazikika pa YouTube. Ena ali ndi kompyuta yakale yongosungira mafayilo ndi kusindikizira mapepala, ndipo safuna kuti ikhudzane ndi intaneti n'komwe. Mukasintha pasiwedi ya Wi-Fi mumathamangitsa aliyense pamodzi, kenako n'kuyamba kulowetsa mafoni a banja lonse mwatsopano. Ndi bwino kukatsekera pa rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba, chifukwa zonse zopita kunja zimadutsa pamenepo, ndipo amene sadziwa pasiwedi ya rautayo sangafufute mosavuta zimene mwaika.

Ganizani kaye chimene mukufuna. Kodi kompyutayo ichoke pa netiweki yonse, kapena ingosiya kufika pa intaneti koma izithabe kusindikiza pa printa ya m'nyumba? Ziwirizi zimakonzedwa mosiyana, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa.

Rauta imazindikira chipangizo chilichonse ndi nambala yotchedwa MAC address. Nambalayi imakhala ndi zilembo ndi manambala 12, zolembedwa ziwiriziwiri, monga A4-5E-60-1B-22-9C. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani getmac /v ndi kudina Enter. Lamulo la ipconfig /all nalonso limaionetsa, pa mzere wa Physical Address, ndipo pomwepo mupezanso Default Gateway, yomwe ndi adiresi ya rauta yanu. Laputopu zambiri zili ndi ma MAC awiri, ya Wi-Fi ndi ya polowetsa waya wa Ethernet. Lembani zonse ziwiri papepala. Mukatseka ya Wi-Fi yokha, munthu angolumikiza waya kuseri kwa rauta ndipo intaneti ibwerera pomwepo.

Tsopano pitani pa foni kapena kompyuta ina, osati yomwe mukutsekayo. Tsegulani browser ndi kulemba adiresi ya rauta ija. Marauta ambiri amayankha pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pomwe ma MiFi ndi marauta a Huawei olowetsa SIM, monga omwe anthu amagwiritsa ntchito ndi TNM kapena Airtel, kawirikawiri amakhala pa 192.168.8.1. Dzina ndi pasiwedi yolowera zimalembedwa pa sitika ya pansi pa rauta kapena pansi pa batire. Ngati pasiwediyo ikadali admin, isintheni musanachite china chilichonse. Pasiwedi imeneyi ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi, ndipo mukaisiya momwe inabwerera, mwana wodziwa kutembenuza rauta n'kuwerenga sitika afufuta ntchito yanu yonse.

Ngati mukufuna kuti kompyutayo ichoke pa netiweki yonse, fufuzani gawo lotchedwa MAC Filter kapena Access Control. Mupezamo mindandanda iwiri, ya Deny kapena Blacklist, ndi ya Allow kapena Whitelist. Sankhani Deny, ikanimo ma MAC aja, ndipo musunge ndi Save kapena Apply. Werengani kawiri musanadine. Mukasankha Allow mwangozi, kompyuta yomwe mumafuna kutsekayo ndiyo yokha itsale pa netiweki, ena nonse mutsekeredwa kunja, kuphatikizapo foni yomwe ili m'manja mwanuyo. Zikatero, lowani kudzera pa kompyuta yotsalayo kapena pa waya n'kukonza. Dziwaninso kuti MAC Filter yomwe ili pansi pa mutu wa Wireless kapena WLAN imagwira Wi-Fi yokha, waya suukhudza.

Ngati mukufuna kuti printa ndi mafayilo a m'nyumba zizigwirabe ntchito, pitani ku Parental Controls. Pamenepo mumasankha kompyutayo pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa ndi kuika maola omwe ikuloledwa kufika pa intaneti, kapena osaipatsa ola lililonse. Gawoli ndi labwino kwa mwana wasukulu amene mukufuna azifufuza za homuweki madzulo koma usiku azigona. Koma ndondomeko ya maola imadalira wotchi ya rauta. Onetsetsani kuti Time Zone ili pa GMT+2, yomwe ndi nthawi ya Malawi, Zambia ndi Mozambique. Marauta ambiri alibe batire ya wotchi, choncho magetsi akazima n'kuyakanso amadikira kuti atenge nthawi pa intaneti, ndipo pakati pamenepo maola munaika aja akhoza kugwira molakwika.

Marauta ena amatseka potengera IP address, adiresi yomwe rauta imapatsa chipangizo chilichonse, m'malo mwa MAC. Vuto lake ndi loti rauta imagawa ma IP mongobwereketsa, kotero kompyuta yomwe lero ili pa 192.168.1.105 mawa ikhoza kupatsidwa ina, ndipo lamulo lanu lidzagwera foni ya munthu wosalakwa. Yambani mwaimangirira ku IP imodzi pa gawo la DHCP, pomwe palembedwa Address Reservation kapena Static Lease, kenako ndiye muike lamulo lotseka.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi MAC yosinthasintha. Windows 10 ndi 11 zili ndi batani la Random hardware addresses, pansi pa Settings, Network & Internet, Wi-Fi. Likayatsidwa, kompyuta imadzionetsa ndi nambala yopeka, ndipo rauta imailandira ngati mlendo watsopano. Nambala yopeka mungaizindikire poyang'ana chilembo chachiwiri: chikakhala 2, 6, A kapena E, si nambala ya kufakitale. Zimitsani batanilo. Ngati wogwiritsa ntchito kompyutayo amaliyatsanso mwadala, Deny sikuthandizaninso. Apa ndi pomwe Allow imagwira ntchito yake yeniyeni: lembani zipangizo zonse zomwe mukuzilola, kuyambira ndi chomwe muli nacho m'manja, ndipo china chilichonse chikanidwa. Ndi ntchito yotopetsa, chifukwa mlendo aliyense akabwera muyenera kumulembetsa, koma pa mwana wochenjera ndi njira yolimba kuposa Deny.

Ngati rauta yanu ilibe zonsezi, mukhoza kutsekera pa kompyuta yomweyo. Dinani mabatani a Windows ndi R pamodzi, lembani ncpa.cpl, dinani batani la kumanja la mouse pa Wi-Fi kapena Ethernet, sankhani Properties, kenako Internet Protocol Version 4. Sankhani kuika adiresi pamanja. Lembani IP yomwe palibe akuigwiritsa ntchito, monga 192.168.1.250 ngati rauta ili pa 192.168.1.1, Subnet mask ikhale 255.255.255.0, ndipo Default gateway ndi DNS muzisiye zopanda kanthu. Popanda gateway kompyuta imalankhula ndi zinzake za m'nyumba koma siidziwa khomo lotulukira kunja. Chotsaninso kachizindikiro pa Internet Protocol Version 6, apo ayi intaneti ikhoza kudutsira kumeneko. Njirayi imagwira pokhapokha wogwiritsa ntchitoyo ali pa akaunti ya Standard, inu n'kusunga pasiwedi ya Administrator.

Mukamaliza, yesani pa kompyuta yotsekedwayo. Lembani ping 8.8.8.8 mu Command Prompt, lamulo loyesa ngati kompyuta ikufika pa adiresi ya pa intaneti imeneyi, ndipo isayankhe. Kenako lembani ping ndi adiresi ya rauta: ngati munasankha kusiya printa ikugwira, iyi iyankhe. Ngati intaneti ikadalipo, zimitsani Wi-Fi ya kompyutayo n'kuiyatsanso, chifukwa marauta ena amayamba kutsatira lamulo latsopano chipangizo chikalumikizidwa kachiwiri.

Rauta ilibe mphamvu pa hotspot ya foni kapena pa foni yolumikizidwa ndi waya wa USB, popeza intaneti imeneyo siidutsa pa iyo. Palinso kabowo ka Reset kuseri kwa rauta: munthu akakanikiza ndi kawaya kwa masekondi pafupifupi 10, zonse mwakonza zimafufutika ndipo pasiwedi imabwerera ku ya pa sitika ija. Ikani rautayo pamalo omwe manja a ana sangafikepo, ndipo ngati ili ndi gawo la Backup, sungani makonzedwe anu mu fayilo kuti mudzangowabwezeretsa.