Mmene mungasankhire nkhwangwa osapusitsidwa ndi ma review a pa intaneti

Magetsi akazima kuno ku Harare ambirife timabwerera ku nkhuni, ndiye nkhwangwa yabwino m'nyumba ndi yofunika ngati mpeni. Koma musanathamange kukagula yambani mwadzifunsa kuti ntchito yake ndi yanji. Yowazira zipika imakhala yonenepa kumutu, imang'amba chipikacho, pomwe yodulira imakhala yopyapyala komanso yakuthwa. Mukatenga yopyapyala kuwazira chipika cha bulugamu chouma ingokakamira m'katimo, mutuluka thukuta kuizula.

Mukadziwa zimenezo pitani pa YouTube kapena Facebook mukaone zomwe anthu akunena, koma apa ndi pamene ambiri amapusa. Azungu aja amayamikira Gränsfors Bruk ya ku Sweden, kampani yoyambira 1902, mpaka wosula amadinda zilembo za dzina lake pa chitsulocho, komanso Fiskars X27 ya kampani ya ku Finland. Nzabwino ndithu sindikukana. Koma taonani mtengo womwe akuwaza mu vidiyomo, nthawi zina ndi paini, wofewa uja woti ngakhale mwana wa sukulu atha kuwaza. Ife kuno tikulimbana ndi msasa ndi tsanya uja anzathu amati mopane, wolimba ngati mwala. Ndiye review yomwe sikunena mtundu wa mtengo ingoidumphani. Onaninso ngati munthuyo anagula yekha kapena anachita kupatsidwa ndi kampani, komanso waigwiritsa ntchito nthawi yaitali bwanji, poti wongotsegula katoni lero alibe choti angakuuzeni. Ine ndimayamba kuwerenga za odandaula, amene apereka nyenyezi 2 kapena 3 mwa 5, anthu asanu akamanena zofanana zoti mutu umaguluka ndiye kuti nzoona.

Kenako ganizani za mpini. Wa Fiskars si wa mtengo, ndi wolimba zedi koma ukathyoka basi simungaikenso wina. Estwing ndi chitsulo chokhachokha kuyambira kumutu mpaka kogwira. Lasher ya ku South Africa ndi yomwe simuvutika kuipeza m'mahadiweya, ndipo ya mpini wa mtengo mutha kusintha nokha.

Pomaliza pitani mukaigwire ndi manja, ndipo musanyoze za ku msika wa Siyaso ku Mbare komwe osula amapanga nkhwangwa zachikuda, kuno amati demo, zambiri kuchokera ku masipuling'i a galimoto. Tengani fayilo yaing'ono yonolera zitsulo m'thumba, pemphani kaye mwini wake kenako mukhudze pang'ono kukamwa kwa nkhwangwayo. Fayilo ikamadya mosavuta ngati mukupala chinangwa chitsulocho ndi chofewa, chibuntha tsiku lomwelo. Ikamangotsetsereka osagwira ndi chouma kwambiri, chitha kubenthuka chikakumana ndi mfundo. Yabwino imagwira pang'ono chabe. Gwedezani mutu muone ngati ukusewera, yang'anani mpini ngati ulibe mng'alu kapena mfundo pafupi ndi khosi. Ineyo ndinagulapo ina yopakidwa penti wofiira bwinobwino, kufika kunyumba kumenya kawiri mpini phwaa, penti uja amabisa mng'alu, kuyambira pamenepo mpini wopaka penti ndimauopa.

Nkhunizo gulani kwa ogulitsa omwe ali ndi chilolezo cha Forestry Commission, bungwe la boma loona za nkhalango, kugwetsa msasa m'tchire popanda pepala ndi mlandu ndipo nkhwangwa yanu yatsopanoyo atha kukulandani.