Mmene Mungakhalire pa Boti la Matanga Pozungulira Zilumba za Grenadines

Munthu amene akufuna kusandutsa boti la matanga kukhala nyumba yake kum'mawa kwa nyanja ya Caribbean, kumene kuli zilumba zing'onozing'ono za Grenadines pakati pa St Vincent ndi Grenada, ayenera kutsegula kalendala asanatsegule mapu. Nyengo ya anamondwe m'dera limeneli imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo imafika poipa kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala. N'chifukwa chake maboti a pa ulendo wa ARC, umene maboti ambiri a matanga amawolokera limodzi nyanja ya Atlantic chaka ndi chaka, amanyamuka ku Las Palmas pa zilumba za Canary chakumapeto kwa Novembala, n'kuwoloka mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000 kuti akafike ku Rodney Bay ku St Lucia mu Disembala, zoopsa zitadutsa. Choncho musanaganize za zilumba zimene mukufuna kuona, dziwani kumene boti lidzakhale mwezi wa Juni ukamadzakwana. Ambiri amatsikira kum'mwera, ku Grenada kapena ku Chaguaramas pachilumba cha Trinidad, koma musakhulupirire amene amati kum'mwera namondwe safikako. Namondwe wa Ivan anasakaza Grenada mu Seputembala 2004, ndipo wa Beryl anagumula nyumba ndi maboti pa zilumba za Carriacou, Petite Martinique ndi Union Island pa 1 Julayi 2024. Werengani bwino pangano la inshulansi, popeza makampani ambiri amatchula malire a kumene boti liyenera kukhala m'miyezi imeneyi, ndipo ngati mukulikweza kumtunda, chotsani matanga onse ndi chilichonse chimene mphepo ingagwire.

Kuyambira Disembala mpaka Meyi mphepo imaomba pafupifupi tsiku lililonse kuchokera kum'mawa kapena kumpoto chakum'mawa, kawirikawiri pa liwiro la makilomita 28 mpaka 37 pa ola. Popeza zilumbazi zinandandalika kuchokera kumpoto kupita kum'mwera, mphepoyo imakhudza boti cham'mbali, ndipo kumeneko ndiko kuyenda kosavuta. Msampha uli kuseri kwa zilumba zamapiri monga St Vincent ndi St Lucia, kumene mphepo imazilala mpaka munthu n'kukopeka kutambasula matanga onse. Mukangotulukira kumapeto kwa chilumba, mphepo imene inapanikizika ndi mapiri imabwera mwaukali pamodzi ndi mafunde a Atlantic. Chepetsani matanga mudakali pamalo abata, chifukwa kuwawonjezera pambuyo pake n'kosavuta kusiyana ndi kulimbana nawo boti likupendekeka. Madzi a pakati pa zilumba amakokera kumadzulo, motero lozetsani boti chakum'mawa pang'ono kwa malo amene mukupita. Kumpoto kwa Grenada pansi pa nyanja pali phiri lophulika lotchedwa Kick 'em Jenny, ndipo maboti saloledwa kufika pa mtunda wochepera kilomita imodzi ndi theka kuchokera pamenepo.

Komatu masiku oyenda ndi ochepa. Nthawi yochuluka boti limakhala litaima pagombe, ndipo tulo tanu timadalira nangula ndi tcheni chake. Ngati pali chinthu choyenera kuwonongerapo ndalama mosaumira, ndi chimenechi.

Konzani ulendo kuti mufike pamalo ogona dzuwa lili pamwamba kapena kumbuyo kwanu, chapakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, pamene maso amatha kuwerenga madzi. Munthu mmodzi aime kutsogolo kwa boti atavala magalasi ochotsa kunyezimira. Madzi abuluu woderako ndi akuya, obiriwira mowala amasonyeza mchenga pansi, pamene ofiirira ngati tiyi ndi matanthwe a korali amene angaboole boti. Mapu a pa foni ndi othandiza, koma pamalo ngati tizilumba ta Tobago Cays, pamene njira imakhota pakati pa matanthwe kuseri kwa thanthwe lalikulu la korali lotchedwa Horseshoe Reef, wodalira foni yekha ndiye amakhakhalitsa boti. Ponyani nangula pa mchenga woyera, osati pa korali kapena pa udzu wa pansi pa nyanja umene akamba amadya, chifukwa pa udzu nangula sagwira bwino ndipo tcheni chimapalapasa zonse boti likamazungulira.

Kutalika kwa tcheni kukhale kasanu kuposa kuya kwa madzi, mutawonjezerapo mtunda wochokera pamadzi kufika pamphuno ya boti. Pamalo akuya mamita 5, mphuno ili mita imodzi pamwamba pa madzi, mufunika tcheni cha mamita 30, ndipo mphepo ikakula mutulutse china. Musachiunjike pamalo amodzi; chitsitseni pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo, kenaka lizani injini chobwerera kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mutaika phazi pa tchenicho. Chikamanjenjemera ndi kudumphadumpha, ndiye kuti nangula akukwekwereka ndipo muyenera kuyambiranso. Chikakungika n'kukhala zii, wagwira. Madzi ndi ofunda ndiponso oonekera mpaka pansi, choncho valani magalasi osambirira mukaone ndi maso ngati nangula wazika mumchenga. Chitani chimodzimodzi ndi zingwe zokocheza zimene anthu am'deralo amabwereketsa m'magombe ena, popeza chingwe chooneka chatsopano pamwamba chikhoza kukhala chitadyeka pansi pamene chamangidwa. Pomaliza mangani chingwe cha nayiloni pa tcheni kuti chizilandira kukoka kwa mafunde, ndipo tcherani alamu ya GPS, imene imalira boti likachoka pamalo pake, musanagone.

Madzi akumwa ndi magetsi muzipanga nokha. Zilumba zing'onozing'ono monga Bequia ndi Union Island zimadalira kwambiri madzi a mvula, motero kugula madzi kumeneko n'kokwera mtengo, makamaka m'chilimwe. Makina osefa mchere m'madzi a m'nyanja amathetsa vutoli, koma amadya magetsi ndipo amawonongeka akakhalitsa osagwira ntchito. Amene alibe makinawa amatchera lona wokhala ndi paipi yopita m'thanki, n'kulola mvula yoyamba itsuke mchere asanayambe kutunga. Mbale amatsukira madzi a m'nyanja n'kutsukuluza ndi madzi abwino pang'ono. Pa magetsi, firiji ndiyo imadya kwambiri kumalo otentha chonchi, choncho werengerani kukula kwa sola ndi mabatire poyambira pa firijiyo. Kabwato kopitira kumtunda muzikamanga ndi loko masana ndi kukakweza m'madzi usiku, chifukwa injini zake zimabedwa kawirikawiri.

Zilumba zimene zimaonekerana ndi maso zikhoza kukhala maiko awiri. Union Island ili m'dziko la St Vincent and the Grenadines, pamene Carriacou, imene ili pafupi kwambiri, ndi ya Grenada. Polowa m'dziko latsopano kwezani mbendera yachikasu, ndipo woyendetsa boti yekha ndiye atsike ndi mapasipoti ndi zikalata za boti kukaonekera kwa a kasitomu ndi oona za anthu olowa ndi otuluka, monga ku Port Elizabeth pachilumba cha Bequia, ku Clifton pa Union Island kapena ku Tyrell Bay pa Carriacou. Musachoke m'dziko popanda chikalata chotulukira, chifukwa kumene mukupita adzachifuna. Ndalama ya maiko amenewa ndi dola ya kum'mawa kwa Caribbean, imene inakhazikitsidwa pa 2.70 pa dola imodzi ya ku America kuyambira mu 1976. Martinique ndi mbali ya France ndipo amagwiritsa ntchito yuro, koma amene pasipoti yake imafuna visa adziwe kuti visa wamba ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, siigwira ntchito pachilumbachi.

Zakudya zouma ndi zam'zitini ndi bwino kuzigula zambiri ku Le Marin ku Martinique, ndipo zipatso ndi ndiwo zamasamba muzigula pang'onopang'ono m'misika ya pazilumba. Makatoni muziwasiya kumtunda, popeza mphemvu zimaikira mazira m'mipata yake, ndipo zikakhazikika m'boti kuzichotsa ndi nkhondo. Pa gombe chenjerani ndi mtengo wa manchineel, umene zipatso zake zimaoneka ngati timaapulo tobiriwira. Utomoni wake umawotcha khungu, moti ngakhale kuusa mvula pansi pake n'koopsa. Nsomba zikuluzikulu za m'matanthwe, makamaka barracuda, zikhoza kukhala ndi poizoni wa ciguatera amene satha ndi kuphika, kukazinga kapena kuumitsa m'firiji, ndipo vutoli limakula mukamapita kumpoto kwa Martinique. Nsomba za pakati pa nyanja monga tuna ndi dorado ndizo zosadetsa nkhawa, koma ya m'matanthwe musanaiphike muionetse kaye kwa asodzi a pachilumbapo.