Kulondola makolo amene anachoka ku London kupita ku Virginia

Mwafunsa mmene mungatsimikizire nkhani ya kubanja kwa amuna anu, yoti kholo lawo linali wamalonda wa ku London amene anasamukira ku Virginia, ku America, m'zaka za m'ma 1600. Yambirani pa anthu amoyo, muzibwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi. Musadumphe chifukwa choti mayina akufanana, a Smith analipo ambirimbiri. Kalembera wa ku America wa 1850 ndiye woyamba kulemba dzina la aliyense wa pakhomo amene sanali kapolo.

Kenako fufuzani zikalata za malo ku Library of Virginia. Kuyambira 1618, munthu akalipirira wina ulendo wa pa sitima ankapatsidwa maekala 50, ndipo mayina a anthu amene anawabweretsawo ankalembedwa pa chikalatacho. Apa mpomwe wamalonda amaonekera bwino. Dziwaninso kuti mabuku a maboma ena a ku Virginia anapsa mu 1865 ku Richmond, likulu la Virginia.

Ku England, yambani ndi mawilo a Prerogative Court of Canterbury (khoti la tchalitchi limene linkatsimikizira mawilo), osungidwa ku National Archives ku Kew, mu London. Wilo yotchula mwana kapena mchimwene wokhala ku Virginia ndi umboni wamphamvu zedi. Mukaipeza, tsatirani mabuku a ubatizo a tchalitchi cha kwawo kwa mwini wiloyo, amene anayamba kulembedwa mu 1538.