Kuimitsa Wotchi Poyesa Pulogalamu Yodalira Nthawi

Pulogalamu yowerengera chindapusa cha ngongole yochedwa kubweza imatha kudutsa mayeso onse kwa masabata ambiri, kenako n'kulakwitsa pa tsiku lomaliza la mwezi, chifukwa mayesowo amangotenga tsiku limene kompyuta ikusonyeza pamene akuchitika. Choncho, olemba mapulogalamu muyenera kusankha nokha tsiku ndi ola loyeserapo, osati kudikira kalendala.

Njira yodalirika kwambiri ndi yakuti gawo lowerengera lisamafunse lokha nthawi, koma lizipatsidwa wotchi kuchokera kunja, kuti pa ntchito yeniyeni lilandire wotchi yoona ndipo pa mayeso lilandire yoimitsidwa. Mu chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Java, kuyambira pa Java 8 ya 2014, muli java.time.Clock, ndipo Clock.fixed imaimitsa nthawi pa mphindi imene mwasankha. Mu chilankhulo cha Python mungagwiritse ntchito zida zoimitsira nthawi monga freezegun kapena time-machine, pomwe pa makompyuta oyendera Linux libfaketime imanamiza za nthawi ngakhale pulogalamu imene simungathe kuisintha.

Musasinthe wotchi ya kompyuta yonse, chifukwa zimasokoneza mapulogalamu ena ndi masatifiketi a chitetezo, ndipo NTP, njira imene kompyuta imakonzera wotchi yake kudzera pa netiweki, imatha kuibweza mayeso ali mkati. Chenjeraninso ndi database, pulogalamu yosungira deta: freezegun imanamiza Python yokha, moti database monga PostgreSQL ikafunsidwa nthawi ndi lamulo la NOW() imayankhabe nthawi yeniyeni, ndipo mayeso amadutsa kapena kulephera popanda chifukwa chooneka. Apa n'kwabwino kuti pulogalamu izitumiza yokha tsikulo ku database.

Masiku oyenera kuyesedwa ndi a m'malire. Pa 31 Disembala 2008 zoimbira nyimbo za mtundu wa Zune 30 zinauma chifukwa pulogalamu yake sinathe kuwerengera tsiku la 366 la chaka, ndipo pa 29 Febuluwale 2012 Microsoft Azure, imene imabwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti, inasokonekera pa vuto la mtundu womwewo. Yesaninso 03:14:07 UTC (nthawi yoyezera ya dziko lonse lapansi) pa 19 Januwale 2038, pamene masekondi owerengedwa kuchokera mu 1970 adzadzaza malo osungira nambala a 32-bit okhala ndi chizindikiro cha + kapena -.

Dera nalo musaliiwale, chifukwa nthawi imasiyana malinga ndi dera. Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola 2 chaka chonse, kotero ndalama yolipidwa 1 koloko usiku ku Lilongwe imalembedwa pa dzulo lake ngati seva ikutsata UTC, ndipo kasitomala angaonedwe kuti walipira mu mwezi wina. Ngati muli ndi makasitomala ku London, imitsaninso wotchi pa Lamlungu lomaliza la Malichi ndi la Okutobala, pamene nthawi yawo imasintha ndi ola limodzi.