Amayi, lekani kutsuka m'kati ndi sopo

Chiyambireni kutentha kwa chaka chino, amayi ambiri amene akubwera ku kiliniki kuno ku Chipata akudandaula za chinthu chimodzi, chikazi chamadzimadzi, chotuwa, cha fungo la nsomba, chimene chimanyanya akangomaliza msambo kapena akakhala malo amodzi ndi amuna awo. Tikawafunsa mmene amadzisamalira, amayankha mosakayika kuti chifukwa cha thukuta amatsuka m'kati ndi sopo kawiri kapena katatu pa tsiku, ena amathira mchere kapena mandimu m'madzi, ena amathira mankhwala ophera tizilombo ogula m'mashopu. Ndinene mosabisa kuti kutsuka kumeneku ndiko kukuitana matenda amene iwo akuwathawa.

M'njira ya mayi wathanzi mumakhala mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus, amene amapanga asidi, ndipo asidi ameneyu ndiye amaletsa tizilombo tina kuswana. Sopo amapha mphamvu ya asidiyu, madzi olowetsedwa m'kati amakokolola mabakiteriya abwino aja, kenaka tizilombo monga Gardnerella timapeza malo n'kuchuluka. Madokotala amatchula vutoli kuti bacterial vaginosis, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti pa amayi 100 aliwonse a msinkhu wobereka, amayi 23 mpaka 29 ali nalo. Chomvetsa chisoni n'chakuti fungo likayamba, mayi amadziimba mlandu kuti sanasambe mokwanira, amawonjezera sopo, ndipo fungolo limakulirakulira.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene zimatsatira fungolo. Mayi woyembekezera amene ali ndi vutoli akhoza kubereka masiku asanakwane, kapena kubereka mwana wochepa thupi, ndipo aliyense amene anasamalirako mwana wotere akudziwa mmene banja limavutikira. M'njira mukasowa chitetezo chake, kachilombo ka HIV, chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amalowa mosavuta, ndiponso tizilombo tingathe kukwera kukafika m'chiberekero ndi m'machubu, zimene zimabweretsa ululu wa m'chinena ndipo nthawi zina zimalepheretsa mayi kutenga pakati.

Anamkungwi athu ndimawalemekeza, chifukwa amaphunzitsa ana athu ulemu ndi kasungidwe ka banja. Koma mwambo wouza namwali kuti aziika zitsamba, nsalu kapena nsunko m'kati kuti muziuma pofuna kusangalatsa mwamuna uyenera kutha, ndipo takhala tikunena zimenezi kwa zaka zambiri pa sikelo ndi m'misonkhano ya m'midzi. Zinthu zimenezi zimawotcha ndi kung'amba khungu lofewa la m'kati. Kodi mwamuna amapindula chiyani mkazi wake akakhala ndi zilonda zimene zimatsegulira khomo matenda amene angawagwire onse awiri?

Mayi wina wolima mtedza cha ku Chadiza anandifotokozera kuti atagulitsa mtedza wake, pa mtengo umene iye anati unali wongotaya, anatengako ndalama n'kugula mapiritsi kwa munthu wina wa pa msika, anamwa masiku awiri, fungo litachepa analeka. Litabweranso, mnzake anamuuza kuti ndi mauka, choncho anagula mankhwala oika m'njira, amene sanathandize konse chifukwa amenewo amapha tizilombo tina totchedwa mafangasi, sakhudza mabakiteriya amene amabweretsa fungolo. Panthawiyi mwamuna wake anali atayamba kale kumukayikira kuti akuyenda ndi amuna ena, nkhani inafika kwa ankhoswe, pamene vutoli limagwira ngakhale mayi amene sanayendepo kunja kwa banja lake. Masiku onsewa iye anali kutsuka m'kati ndi madzi a mandimu, poganiza kuti akusamala banja lake.

Tsono chochita n'chochepa. Sambani kunja kokha ndi madzi oyera, m'kati mumadziyeretsa mokha. Mukaona chikazi chasintha mtundu kapena fungo, pitani ku kiliniki msanga, musatsuke m'kati musanapite, kuti anamwino aone chimene chilipodi. Chamadzimadzi cha fungo chija chimachizidwa ndi metronidazole, amene ambiri timawadziwa kuti Flagyl, kawiri pa tsiku kwa masiku 7, ndipo muyenera kumaliza onse ndi kupewa mowa masiku amenewo. Chikazi choyera, cholimba ngati mkaka woundana, chobwera ndi kuyabwa kwambiri, nthawi zambiri chimachokera ku mafangasi a Candida, ndipo mankhwala ake ndi clotrimazole oika m'njira. Chachikasu kapena chobiriwira, chathovu, chikhoza kukhala trichomoniasis, amene amapatsirana pogonana, choncho abambo nawonso ayenera kulandira mankhwala nthawi yomweyo, ndipo mudikire kapena mugwiritse ntchito kondomu kufikira nonse mutamaliza. Ngati muli ndi pakati, uzani anamwino musanalandire mankhwala alionse. Bacterial vaginosis amakonda kubweranso pakapita miyezi ingapo, ndiye akabweranso bwererani ku kiliniki, musapite ku msika. Chikazi chonunkha chosakanikirana ndi magazi, kapena kutaya magazi mukakhala malo amodzi, musachidikirire ayi, kapimitseni khansa ya khomo la chiberekero ku kiliniki ya kwanuko kapena ku Chipata Central Hospital.