Kompyuta ya za bizinezi ku koleji: apatseni ana ntchito yeniyeni yoti agwire

Aphunzitsi anzanga amene mwapatsidwa ana a chaka choyamba ku koleji kuti muwaphunzitse kompyuta ya za bizinezi, tigwirizane kaye chinthu chimodzi tisanapite patali. Mwana akamamaliza kosi imeneyi azitha kutenga ntchito ya mu ofesi n'kuigwira kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo pakalakwika azitha kupeza yekha pomwe palakwikapo. Zina zonse zomwe ndinene pano zikuchokera pamenepa.

Makosi ambiri amayamba ndi mbiri ya kompyuta, mibadwo yake, RAM ndi chani ROM ndi chani, ana n'kumakopera manotsi masabata angapo makina ali chizimire kutsogolo kwawo. Zimenezo sikuti n'zoipa ayi koma zipatseni tsiku limodzi basi, zotsalazo muziziponya apo ndi apo pomwe zafunikira, mwachitsanzo kompyuta ikayamba kuchedwa chifukwa mwana watsegula mapulogalamu ambirimbiri nthawi imodzi, imeneyo nde nthawi yabwino yofotokoza za RAM chifukwa akuona ndi maso ake zomwe mukunenazo.

Chachiwiri, musanamizidwe ndi mmene ana amathamangitsira zala pa foni. Kudziwa WhatsApp ndi TikTok n'kwina, kudziwa kompyuta n'kwinanso. Foni imabisa komwe zinthu zimasungidwa, munthu amangotsegula app chithunzi chake n'kuchipeza pompo, nde mwana yemweyo mukamuika pa kompyuta amaseva ntchito yake koma mukamufunsa kuti yapita kuti amangoti kukamwa yasa. Tsiku loyamba ayeseni mophweka: aliyense apange foda ya dzina lake, mkati mwake apangemo mafoda ena atatu, alembe mizere iwiri mu Word, aseve mu foda imodzi, atseke chilichonse kenako akaipeze fayiloyo osadzera pa Recent. Muona nokha ndani akufunika thandizo. Pomwepo aonetseni timichira ta mafayilo, .docx .xlsx .pdf, chifukwa Windows imakonda kutibisa ndipo mwana akapanda kutidziwa sazamvetsa chifukwa chomwe fayilo ina ikukanira kutseguka. Aphunzitseninso kutchula mafayilo mayina omveka. Zoti "final", "final2", "final yeniyeni" zithere m'kalasi mwanu momwemo. Dzina liyambe ndi chaka, mwezi, kenako tsiku, ngati 2024-03-15 invoisi, mafayilowo amadzindandalika okha motsata masiku.

Kutaipa musakunyoze. Mphindi khumi kumayambiriro kwa phunziro lililonse zikwanira, zala zolozera pa F ndi J pomwe pali timabampu tija, maso pa sikirini. Ctrl+S, Ctrl+C, Ctrl+V ndi Ctrl+Z zilowe m'zala sabata yoyamba yomweyo, makamaka Ctrl+Z, chifukwa mwana amene akudziwa kuti akalakwitsa atha kubweza saopa kuyesa.

Tsopano nkhani yaikulu. M'malo mophunzitsa Word payekha, Excel payekha, PowerPoint payekha ngati zinthu zosadziwana, auzeni ana apeke bizinezi yaing'ono, awiriawiri, yokhala ndi katundu wa mitundu khumi ndi makasitomala okwana makumi awiri, ndipo bizinezi yomweyo ayende nayo teremu yonse. Kalata yopita kwa wogulitsa katundu alembe mu Word, sitoko ndi zogulitsa za tsiku ndi tsiku zilowe mu Excel, invoisi ichokere pa manambala omwewo, kumapeto kwa mwezi apange lipoti n'kuliimirira kutsogolo ndi PowerPoint. Ubwino wake ngwakuti akachita zamphwayi sabata yachitatu amakakumana nazo sabata yachisanu ndi chimodzi pomwe manambala akukana kugwirizana, ndipo mu ofesi zimakhalanso choncho kumene.

Nthawi yanu yambiri ithere pa Excel, ine pamenepa sindinyengerera. Pulogalamu yoyamba ya mtundu umenewu, yowerengera manambala m'matebulo, pa makompyuta a anthu wamba inali VisiCalc, yomwe Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa mu 1979 pa Apple II, Excel inabwera mu 1985. Chomwe chinapangitsa anthu a bizinezi kuthamangira kukagula makompyuta nthawi imeneyo n'chakuti ukasintha nambala imodzi, zina zonse zodalira nambala imeneyo zimasintha zokha. Mfundo imeneyi ndi yomwe ana ambiri amaiphonya. Mupeza mwana waika 12 mu selo (kabokosi ka pa tebulo) B2, waika 250 mu C2, kenako watulutsa foni wawerengera pa kakyuleta n'kutaipa 3000 mu D2. Pa sikirini zikuoneka bwinobwino ndipo mukangodutsa mumuchonga. Njira yomugwirira ndi yophweka, imani pambali pake mumuuze asinthe 250 ija ikhale 300. D2 ikakhala chete osasintha, waona yekha vuto lake, nde apo mumuonetse =B2*C2 n'kumuuza asinthenso mtengo uja. Nkhope yake ikawala mudziwe kuti walowa.

Akatha kukoka fomula kutsika nayo m'munsi, apatseni msonkho kapena kuchotsera mtengo, tinene 10 peresenti, muuike mu selo imodzi yokha ngati F1. Musawachenjeze. Asiyeni alembe =D2*F1 akoke, mzere woyamba uzakhala bwino koma yotsatirayo izatulutsa ziro chifukwa F1 ija yatsetsereka kukhala F2, F3, F4 momwe mulibe kanthu. Asiyeni avutike nazo kamphindi, adine pa selo iliyonse aone chomwe chasintha, kenako nde muwaonetse $F$1 ndi batani la F4 lomwe limaika zizindikirozo. Mukawauza pasadakhale amaloweza n'kuiwala mawa lake. Ndipo atsindikireni kuti peresenti ngati imeneyi isamalembedwe mkati mwa fomula iliyonse, ikhale pamalo amodzi pooneka, tsiku lomwe msonkho wasintha munthu asinthe selo imodzi basi.

Mafomula oti ayambe nawo ndi ochepa: SUM, AVERAGE, IF, COUNTIF, kenako VLOOKUP yokatenga mtengo wa katundu pa tsamba lina. XLOOKUP ndi yosavuta kuposa VLOOKUP koma imapezeka mu Excel watsopano yekha, nde onani kaye zomwe zili pa makina a mu labu yanu. Kuthamangira macro, timapulogalamu tobwereza ntchito tokha mu Excel, ana asanakhazikike pa zimenezi n'kutaya nthawi.

Pali timisampha tina ta Excel tomwe munthu wa bizinezi amakumana nato sabata yoyamba pa ntchito. Nambala ya foni yoyamba ndi ziro, Excel amadya ziro uja. Nambala yaitali kupitirira madijiti 15, monga ya akaunti kapena ya khadi, Excel amasandutsa madijiti otsalawo kukhala maziro osakuuzani n'komwe. Mankhwala ake n'kuika kolamu imeneyo pa Text musanayambe kutaipa. Mukalemba 3-4 iye amaganiza kuti ndi deti, ndipo vuto limeneli linasautsa ngakhale asayansi, moti mu 2020 komiti yotchula mayina a majini a munthu (tizinthu ta m'thupi tomwe timatengera kwa makolo) inasintha mayina ena monga MARCH1 ndi SEPT1 chifukwa Excel amangowasandutsa masiku a mwezi. Chinanso, mwana akalemba "20 kg" mu selo imodzi, imeneyo sinambalanso, ndi mawu, SUM izangoidumpha mwakachetechete. Aphunzitseni kuyang'ana mbali yomwe zinthu zatsamira, manambala amatsamira kumanja mawu kumanzere. Kolamu iliyonse isunge chinthu cha mtundu umodzi, mutu wake pamwamba, ndipo zophatikiza maselo pakati pa tebulo pofuna kukongoletsa aleke chifukwa zimasokoneza Sort ndi Filter.

Chomwe chimasowa kwambiri m'makosi athu n'kuphunzitsa mwana kukayikira nambala yomwe kompyuta yamupatsa. Ana amakhulupirira kuti poti yatuluka pa sikirini nde kuti ndi yoona. Auzeni nkhani ya Thomas Herndon, yemwe mu 2013 ali wophunzira pa University of Massachusetts Amherst anapatsidwa ntchito yobwereza kafukufuku wa akatswiri awiri a zachuma a ku Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, wokhudza ngongole za maboma. Manambala ake amakana kufanana ndi awo, ndipo atapeza fayilo yawo ya Excel anaona kuti fomula ina yopezera avereji inasiya kunja mizere ya mayiko asanu. Kafukufuku ameneyu anali atatchulidwa kale ndi andale akuluakulu pokambirana zochepetsa ndalama zomwe maboma amagwiritsa ntchito. Ina ndi ya ku England mu 2020, pomwe anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi COVID-19 sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake chifukwa zotsatira zimaikidwa mu fayilo ya mtundu wakale wa .xls womwe umathera pa mizere 65,536, pomwe .xlsx imafika 1,048,576. Ana akamva kuti wophunzira ngati iwo omwe ndi amene anapeza cholakwika cha maprofesa amakhala tcheru.

Mukatha kuwauza nkhanizo apatseni fayilo yomwe mwaiwononga dala. SUM ina isiye mzere womaliza, selo ina ikhale ndi nambala yotaipidwa pamanja pakati pa mafomula, mtengo wina ukhale ndi ziro wowonjezera, kasitomala mmodzi alembedwe kawiri. Auzeni kuti muli zolakwika koma musanene kuti zingati. Aonetseni batani la F2 lomwe limaonetsa maselo omwe fomula ikugwira, ndi Show Formulas yomwe imavundukula mafomula onse pa tsamba. Ndipo azolowere kuyerekeza kaye m'mutu asanadine Enter, zinthu khumi za pafupifupi 300 chimodzi ziyenera kukhala cha m'ma 3000, zikatuluka 30,000 pali china chake. Ine phunziro limeneli ndimaliona lofunika kuposa onse mu kosi yonse ndipo ndi bwino kulibwereza kangapo ndi mafayilo osiyanasiyana.

Pa Word sipafunika kuchedwapo kwambiri koma pali matenda amodzi ofala, kukankha mawu ndi spacebar kuti afike pakati kapena kumanja, ndi kudina Enter kambirimbiri kuti afike tsamba lina. Dinani kachizindikiro ka ¶ kaja pa kompyuta ya mwana aone timadontho tonse tomwe wadzaza. Kenako muonetseni Tab, matebulo, Page Break ndi ma Heading omwe amapanga okha tsamba la zamkatimu. Mail merge isasowe, kalata imodzi kupita kwa makasitomala makumi awiri aja mayina akuchokera mu Excel yawo yomwe, ana amaikonda chifukwa amaona ntchito ya tsiku lonse ikutha pa mphindi zochepa. Invoisi ndi koteshoni zizipita kwa kasitomala ngati PDF kuti maonekedwe asasokonekere komanso munthu asangosintha manambala mosavuta. PowerPoint ipatseni nthawi yochepa, mfundo imodzi pa silaidi, tchati chimodzi chochokera pa manambala awo, ndipo asamawerenge sikirini atafulatira anthu.

Imelo ambiri amaidumpha poganiza kuti aliyense amaidziwa. Ayi ndithu. Mwana amatumiza imelo yopanda mutu, yopanda moni, uthenga wonse waulemba pa Subject, fayilo yomwe akunenayo waiwala kuiphatikiza. Aliyense akhale ndi adiresi ya dzina lake lenileni yoti angaike pa kalata yofunsira ntchito. Afotokozereni kusiyana kwa To, CC ndi BCC, ndipo amvetse kuti kuika makasitomala onse pa CC n'kugawa ma adiresi a anthu kwa anthu ena popanda chilolezo chawo. Pomwepo lowetsani za chitetezo. Aonetseni imelo yachinyengo yonamizira banki, ayang'ane adiresi yeniyeni ya wotumiza, aike mausi pamwamba pa linki osadina kuti aone komwe ikupita. Uthenga wonena kuti wogulitsa katundu wasintha akaunti yake ya ku banki azitsimikiza poimba foni pa nambala yomwe akuidziwa kale, chifukwa mabizinezi ambiri amaberedwa njira imeneyi. Pasiwedi ikhale yaitali, isakhale imodzi paliponse, ndipo ayatse zotsimikizira kawiri zija, zofuna khodi ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi. Zosunga mafayilo pali lamulo losavuta kukumbukira la 3-2-1, makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope imodzi ikhale kwina kutali. Fulashi yokha siyodalirika, imatayika komanso imanyamula mavairasi.

Kaphunzitsidwe kake, onetsani mphindi zisanu kapena khumi kenako khalani chete ana agwire. Chonde chonde musamulande mwana mausi. Zimafulumira inde mukamupangira, koma iye amangoonera dzanja lanu likuvina osatolapo kanthu. Manja anu akhale kumbuyo, mufunseni kuti akufuna kupanga chani ndipo akuganiza kuti chili pati. Ngati makina ndi ochepa ndipo akukhala awiri pa kompyuta imodzi, azisinthana mphindi khumi ndi zisanu zilizonse inu mukuona, apo ayi wodziwa kale uja amagwira kiyibodi teremu yonse mnzake wamanyazi n'kumangovomera ndi mutu. Komwe kulibe laisensi ya Microsoft Office, LibreOffice ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, Google Sheets nayo ilipo ngati netiweki ili bwino. Ndi bwinonso kuti ana alaweko awiri mwa amenewa, chifukwa mabatani amasuntha, mu 2007 Office inasintha maonekedwe ake onse ndipo anthu omwe analoweza malo a mabatani anasokonezeka, pomwe =SUM(B2:B20) ndi yomweyo kulikonse.

Za ChatGPT ndi anzake, ana azigwiritsa ntchito kaya mufune kaya musafune. Aloleni afunse fomula, koma lamulo likhale loti aifotokoze chidutswa ndi chidutswa ndi pakamwa pawo komanso aiyese pa manambala omwe yankho lake akulidziwa kale. Muwachenjezenso kuti mayina ndi manambala a makasitomala sazimata m'zinthu zoterezi.

Mayeso akhale pa kompyuta. Funso loti "tchulani mbali zisanu za Excel" silikuuzani ngati mwana angapange invoisi. Mpatseni mulu wa malisiti osalongosoka, alowetse mu Excel, apeze phindu la mwezi, apange tchati, alembe kalata yaifupi kwa bwana wake yofotokoza zomwe wapeza, aisandutse PDF n'kuitumiza pa imelo yokhala ndi mutu womveka. Pochonga tsegulani fayilo yake ya Excel, musinthe mtengo umodzi muone ngati phindu lija lisuntha, ndipo mamakisi ambiri akhale pamenepo.