Graph ya Cacti yosapitirira 114 Mbps pa port ya gigabit

Port ya 1 Gbps pa switch inali yodzaza, makasitomala akudandaula kuti intaneti ikuchedwa, koma graph ya Cacti, pulogalamu yoonetsa kuchuluka kwa data yodutsa pa netiweki, siinkapitirira 114 Mbps. Ikafika pamenepo inkagwa mwadzidzidzi. Kusintha chingwe ndi SFP (kachipangizo kolumikizira chingwe pa port) sikunathandize, kuyatsanso poller (gawo la Cacti lomwe limakatenga manambala ku switch) chimodzimodzi.

Vuto linali counter, nambala yomwe switch imawerengera ma byte odutsa pa port. Cacti inkawerenga ifInOctets, ya 32-bit, yomwe imathera pa ma byte 4,294,967,295 n'kuyambiranso pa 0. Gigabit ikadzaza, counter imeneyi imazungulira m'masekondi 34 okha, pomwe poller imabwera pakatha mphindi 5. Ikazungulira kangapo, Cacti imangoyesa kuti yazungulira kamodzi.

Choyamba ndinasintha SNMP (njira yomwe Cacti imafunsira manambala) ya switchyo mu Cacti kuchoka pa v1 kupita pa v2c. Apa ndiye pagona nkhani: v1 siinyamula ma counter a 64-bit, ndiye mukapadumpha, graph yatsopano idzatuluka yopanda kanthu. Kenako ndinayesa kufunsa switchyo ndi lamulo la snmpwalk -v2c pa 1.3.6.1.2.1.31.1.1.1.6, yomwe ndi ifHCInOctets, counter ya 64-bit, manambala n'kubwera. Ndinapanganso graph posankha ya 64-bit.

Onaninso maximum ya fayilo ya RRD, momwe Cacti imasungamo manambala a graph. Ikakhala yotsika, rrdtool, pulogalamu yolemba m'fayiloyi, imataya manambala oipitirira. Ikwezeni ndi rrdtool tune. Zonsezi sizinadye ndalama.